Kaundula wa pakhomo: MBA ya mayi a Tadala

Area 49, Lilongwe. Wolemba ndine bambo a Tadala, mphunzitsi wa masamu kusekondale. Bukuli ndi lomwe timalembamo lendi, chimanga ndi fizi ya ana. Masamba akumapetowa tawapatulira nkhani imodzi: ngati mayi a Tadala, omwe digiri yawo ndi ya Pass, angatengedwe kusukulu ya maphunziro a bizinesi, ndiponso kuti kuyesako kutidyera zingati. Dola tikuiwerengera pa mtengo wakubanki, K1,751.

Zolowa ndi zotuluka pamwezi

Malipiro a mayi a Tadala, msonkho ndi penshoni zitadulidwa: K1,180,000. Anga: K470,000. Nkhuku zamazira za kuseri kwa nyumba, mwezi ukayenda bwino: K90,000. Zonse pamodzi K1,740,000.

Lendi K280,000. Chakudya, makala, magetsi ndi madzi K620,000. Fizi ya Tadala ndi Mphatso, tikaigawa pa miyezi 12, K260,000. Maulendo a kuntchito K170,000. Zotumiza kwa apongozi ku Ntcheu ndi kwathu ku Dowa K140,000. Chakhumi, zipepeso ndi maukwati K130,000. Zonse pamodzi K1,600,000.

Yotsala: K140,000, omwe ndi madola 80. Chilichonse cholembedwa m'munsimu chiyesedwe ndi nambala imeneyi.

Kubanki kuli K2,600,000 ya poloti. Tinagwirizana kale kuti ndalamayi sikhudzidwa mmodzi wa ife asanavomere.

Zomwe zinalipidwa kale

Digiri ya Business Administration, ya zaka zinayi, yomalizidwa mu 2013. Ngongole ya boma ya maphunziro inabwezedwa yonse. Pamzerewu palibe chotsala cholipira, komanso palibe ndalama imene ingasinthe zolembedwapo.

Transcript ili motere. Chaka choyamba ndi chachiwiri malikisi ambiri ali m'ma 60. Chaka chachitatu atsika kufika m'ma 40, ndipo pali masapu awiri, ya Statistics ndi ya Financial Management. Chaka chachinayi abwereranso m'ma 60. Pansi pake palembedwa Pass. Chaka chachitatucho ndi chomwe apongozi anagonekedwa m'chipatala miyezi yambiri, mwana wawo wamkazi yekhayo n'kukhala gadiyani, kugona pa chitenje pansi pa bedi, kuphika kukhitchini ya magadiyani, n'kumakwera basi kukalemba mayeso. Apongozi anachira ndipo alipo, akulima mbatatesi. Nkhani ya malikisiyi itawafika anangoti, "Madzi akatayika saoleka, mwanawe. Ona za kutsogolo."

Ine pepalali ndaliwerenga monga momwe angaliwerengere munthu wosatidziwa, wokhala ndi mafomu mazana patebulo. Iyeyo chipatala sachiona. Amaona kuti maphunziro awiri omwe munthuyu anagwa ndi a manambala onse, pomwe MBA ili ndi akaunti, chuma ndi ziwerengero kuyambira sabata yoyamba. Funso lake likhala limodzi: kodi mayiyu adzatha masamu a m'kalasi mwathu? Choncho lamulo la tsamba lino n'lakuti ndalama ituluke pokhapokha ngati ikugula umboni watsopano woyankha funso limenelo. Fomu yokha, ngakhale yodula bwanji, sigula umboni. Imangonyamula pepala lomwe lija kukaliika patebulo lina.

Mapepala

Makope atatu a transcript kukoleji komwe anaphunzira: K30,000. Ulendo wokawatenga, basi ndi chakudya: K64,000. Amabwera m'maenvelopu omata, chidindo chitadindidwa podutsa pomatapo, ndipo ukatsegula sukulu zina sizilandiranso. Tawaika m'chikwama cha masatifiketi pamwamba pa wadirobu, komwe Mphatso safikira.

Kudinditsa makope a digiri ndi MSCE kwa loya: K6,000.

Pasipoti yatsopano, yakale inatha: K50,000.

America

Harvard Business School, fomu yofunsira malo: madola 250, omwe ndi K437,750, kapena yotsala ya miyezi itatu ndi masiku angapo. Chaka chilichonse amafunsira anthu opitirira 8,000, kalasi imakhala ya anthu 900 ndi kanthu, ndipo malikisi a digiri yoyamba a otengedwawo, powaphatikiza n'kuwagawa, amakhala cha pa 3.7 mwa 4. Maphunziro ndi a zaka ziwiri, ndipo fizi, nyumba ndi chakudya zimapitirira madola 100,000 pachaka. Sukuluyi ilibe lamulo lolembedwa lotsekereza munthu wa malikisi otsika. Koma otsika amene amalowawo amabwera ndi china chachikulu cholowa m'malo mwake, malikisi apamwamba zedi pa mayeso olowera a GMAT kapena ntchito imene dziko lonse likuidziwa. Mayi a Tadala amayendetsa madepoti asanu a feteleza ndi mbewu m'chigawo chapakati, ndipo amawayendetsa bwino. Ndimawanyadira pa zimenezi. Sizikukwana kukweza Pass pamwamba pa anthu 8,000 aja.

Mwayi: palibe. Zatuluka: K0.

Dzina la Harvard ndalilemba chifukwa mnzawo wina wakuntchito anauza mayi a Tadala kuti munthu uziyesa paliponse, sudziwa komwe Mulungu watsegula. Chikhulupiriro chimenecho nafenso tili nacho. Koma K437,750 ndi fizi ya ana ya mwezi ndi theka n'kutsalako, ndipo kuitumiza komwe yankho tikulidziwa kale n'kuwalanda anawo.

Britain

Thandizo la Chevening, la boma la Britain. Kufunsira n'kwaulere. Amafuna zaka ziwiri zogwira ntchito, zomwe amaziwerengera kuti ndi maola 2,800, ndipo pamenepa mayi a Tadala anapitirira kalekale. Amafuna kuti munthu akamaliza abwerere kwawo kwa zaka ziwiri, zomwe kwa ife si vuto. Povuta ndi pawiri. Digiri iyenera kukhala yoti yunivesite ya ku Britain ingailandire pa maphunziro a Masters, ndipo kawirikawiri amatchula mulingo wa 2:1, womwe Pass siufika. Chachiwiri, pa MBA thandizoli limalipira fizi mpaka mapaundi 22,000 basi, yotsala yonse umaisaka wekha, pomwe MBA za mayina odziwika zimadula kuposa apo kutali.

Zilipo sukulu za kumeneko zomwe zimalemba poyera kuti munthu wa digiri yotsika koma wa zaka zambiri paudindo zimamuganizira. Mayi a Tadala analembera maofesi angapo olandira ophunzira, n'kutumiza chithunzi cha transcript, n'kufunsa funso limodzi losapsatira: ndi malikisi awa ndi zaka 11 za ntchito, kodi ndifunsire? Ena anayankha kuti ayi, ndipo tinawathokoza chifukwa atipulumutsira ndalama. Ena anati funsirani koma mubwere ndi GMAT. Ena sanayankhe. Makalata onsewa anadya bandulo ya tsiku limodzi.

Mayeso a Chingerezi a IELTS sitinalembetse. Zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, ndiye kulemba lero n'kuyamba kuwerenga masiku tisanadziwe kopita.

Mwayi: pang'ono. Zatuluka: K0.

South Africa

Apa tinakhalitsa, chifukwa mlamu wanga, bambo a Yankho, ali ku Johannesburg ndipo anati chipinda chilipo.

Kumeneko maphunziro onse anawaika pa makwerero a NQF. Digiri wamba ili pa 7, Honours ndi Postgraduate Diploma zili pa 8, ndipo kuyambira 2016 MBA ili pa 9. Kuti ulowe pa 9 uyenera kuchokera pa 8. Lamuloli ndi la dziko lonse, ndiye likugwira ku Wits Business School ya ku Parktown, ku GIBS ya ku Illovo, ku Graduate School of Business ya University of Cape Town, ngakhalenso ku Stellenbosch. Digiri yochokera kunja imayamba yapita ku bungwe la SAQA kuti liione n'kunena kuti ikugwera pa nambala iti.

Kuyesetsa digiri ku SAQA: mlamu analipira m'marandi ndi khadi lake, ife tinapereka K170,000 kwa apongozi ku Ntcheu m'malo mwa ndalama yomwe iye akanawatumizira mwezi umenewo. Umu ndi momwe takhala tikulipirira chilichonse cha kunja. Kuchokera pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, itagwetsedwanso kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, dola ya K1,751 imaoneka pa bolodi koma kuipeza m'manja n'kovuta, ndipo kumsika wamseri mtengo unafika popitirira kawiri. Kumsika umenewo sitipitako. Pepala la SAQA linabwera. Digiri yaikidwa pa 7.

Tanthauzo lake n'lakuti ngakhale mayi a Tadala akanakhoza ndi Distinction, akanayenera kuyambira pa Postgraduate Diploma ya chaka chimodzi. Tsiku lomwe anawerenga pepalali anakhumudwa, anati msewu watalika. Ine ndinaona kuti pa zonse zomwe tawerenga, mzere wotikomera ndi umenewu. Dipuloma imabereka transcript yatsopano. Munthu amene wakhoza bwino akaunti ndi ziwerengero chaka chathachi sakufunsidwanso kwambiri za sapu ya zaka 13 zapitazo.

Ilipo njira ina yomwe amati RPL, yolowera ndi luso la kuntchito m'malo mwa pepala, koma malamulo a kumeneko salola kuti olowa motero apitirire 10 peresenti ya kalasi. Malo n'ngochepa ndipo amalimbirana anthu a zaka 20 paudindo. Sukuluzi zimafunanso mayeso olowera, GMAT kapena NMAT kapena awoawo, ndipo zomwe zili ndi chivomerezo cha bungwe la AMBA zimafuna zaka zosachepera zitatu za ntchito.

Chitupa chophunzirira chimafuna kalata ya sukulu, kalata ya polisi, ya dokotala, inshuwalansi ya chipatala yolembetsedwa kumeneko, ndi umboni wa ndalama. Chimalola kugwira ganyu maola 20 pasabata. Basi yochokera kuno imadzera ku Dedza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge.

Zonsezi n'zazing'ono poyerekeza ndi mzere wotsatirawu, womwe palibe kabuku ka sukulu kamene kamaulemba.

Malipiro a mayi a Tadala akasiya ntchito chaka chimodzi: K1,180,000 kuchulukitsa ka 12, K14,160,000. Pakhomo pangatsale K560,000 pamwezi, zotuluka zili K1,600,000. Kuperewera K1,040,000 mwezi uliwonse. Tikachotsapo chakudya ndi maulendo awo, dzenjelo likhalabe lalikulu kuposa malipiro anga onse. Dipuloma ndi MBA pamodzi ndi zaka ziwiri, fizi tisanaitchule n'komwe. Mphatso ali Sitandade 2 ndipo amagona mayi ake atamupempherera.

Mwayi wotengedwa pa dipuloma: ulipo. Mwayi woti khomo lino lipirire: palibe. Zatuluka: K170,000.

Zomwe tinakana

Bambo wina wa pa WhatsApp, wodzitcha mlangizi wa maphunziro akunja, anati K350,000 ndipo malo ndi otsimikizika, makalata alemba yekha. Sukulu yeniyeni silonjeza malo kudzera mwa munthu wapakati, ndipo kalata yolembedwa ndi wina imagwa tsiku la intavyu, akakufunsa za chiganizo chomwe sunachilembe. K0.

MBA ya pa intaneti ya miyezi 8, yopanda mayeso olowera, yosafunsa transcript. Tinaifufuza pa mndandanda wa bungwe la NCHE, lomwe limavomereza sukulu zaukachenjede m'dziko muno. Panalibe, ndipo dziko lomwe amati ikuchokera nalonso silikuidziwa. Sukulu imene sifunsa kalikonse polowa, olemba ntchito nawonso safunsa za iyo. K0.

Munthu wina anafika mpaka pakhomo pano n'kunena kuti ali ndi mnzake amene angakonze 41 kukhala 61, chidindo ndi siginecha zonse zenizeni. Mayi a Tadala anamuperekeza pageti tiyi asanamwe. Sukulu zimalembera kukoleji kukatsimikiza, ndipo wogwidwa amataya malo, ntchito ndi dzina, mwinanso kukathera kukhoti. K0.

GMAT

Mayesowa amakonza ndi bungwe la GMAC, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2023 ali ndi maonekedwe atsopano. Magawo ndi atatu, lililonse la mphindi 45: masamu mafunso 21, kumvetsa zowerenga ndi kuweruza mfundo mafunso 23, kuwerenga matebulo ndi magirafu mafunso 20. Malikisi amayambira pa 205 kulekeza pa 805, ndipo 645 ya tsopano ikufanana ndi 700 ya mayeso akale aja. Zotsatira zimakhala zaka zisanu. Kompyuta imasintha mafunso potengera mayankho ako: ukakhoza imakupatsa lovutirapo, ukalakwa imakutsitsira, malikisi nawo n'kutsika. Pagawo la masamu kakyuleta saloleza. Pamapeto pa gawo ungabwerere kukasintha mayankho atatu okha.

Mtengo: madola 275 kukalembera kumalo a mayeso, K481,525, kapena madola 300 kulembera pakhomo kamera ikukuyang'ana, K525,300. Kulembera pakhomo kumafuna kuti magetsi ndi intaneti zisadukize kwa maola awiri ndi mphindi 15.

Pa zonse za m'bukuli, awa ndi mayeso omwe sukulu za bizinesi za mayiko ambiri zimawerenga mofanana, osafunsa kuti Pass ya ku Malawi imatanthauza chiyani. N'chifukwa chake munthu wa transcript yofooka amawafuna kuposa mnzake wa Distinction. Komanso akalephereka amatsimikizira zomwe wowerenga uja amaopa.

Buku la mafunso akale, logulidwa kwa munthu amene analemba kale, masamba ena olembedwalembedwa ndi pensulo: K45,000. Nyali yotchaja: K38,000. Bandulo ya intaneti, K40,000 pamwezi, miyezi isanu: K200,000. Mayeso awiri oyeserera a GMAC eniake ndi aulere.

Timadzuka 4 koloko m'mawa. Tebulo lodyera limakhala lopukutidwa kale usiku, nyali pakati, wotchi ya foni pambali. Ndikawafunsa kuti matumba 1,200 a feteleza, atatu mwa 100 aliwonse ang'ambika, otsalawo agawidwe kumadepoti asanu, yankho limatuluka ndisanamalize kulemba funsolo. Maperesenti, magawo, phindu, zonsezi zili m'mutu mwawo chifukwa ndiyo ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Funso lomwelo ndikalilemba ndi x ndi y, dzanja limaima, cholembera chili m'mwamba. Ndaphunzitsa ana a Fomu 4 zaka zambiri ndipo kuima kumeneku ndimakudziwa. Mutu umakhala ukudziwa, koma munthu wakumbukira tsiku lomwe anagwa. Mankhwala ake ndi kubwereza mafunso osavuta mpaka dzanja lisiye kuima, kenako n'kumakweza pang'onopang'ono.

Ovutitsa kwambiri ndi mafunso omwe safuna yankho lenileni, amangofunsa ngati mfundo ziwiri zomwe wapatsidwa zikukwanira kupezera yankholo. Mayi a Tadala amafuna kuwerengera mpaka nambala ituluke, mphindi n'kumapita. "Bambo a Tadala, ine kuntchito sindinganene kuti zikukwanira ndisanaone nambala," anatero m'mawa wina. Ndinawauza kuti kuntchito azipitiriza choncho, koma pamayesowa funso lililonse lili ndi mphindi ziwiri zokha.

Mayeso oyeserera oyamba: 455. Patapita miyezi isanu: 575, ndipo gawo la masamu ndi lomwe lakwera kwambiri. Tagwirizana kuti madola 275 satuluka mpaka woyeserera adutse 605 kawiri motsatizana. Pakadali pano: K0, ndipo mzerewu ndi wotsegula.

Maola

Makalasi amadzulo a ana a Fomu 4 ndinawasiya kuti ndizikhala ndi ana athu mayi awo akuwerenga: K60,000 pamwezi yomwe sikulowanso, miyezi isanu, K300,000.

Homuweki ya Tadala yabwera kwa ine. Nsima ya madzulo ndikuphika ine masiku atatu pasabata. Ku kwaya ya Lachitatu mayi a Tadala anapempha tchuthi, amayi anzawo anabwera kudzafunsa ngati kunyumba kuno kuli bwino. Ku Ntcheu sitinapiteko nthawi yokolola. Tulo ta munthu amene amayenda m'madepoti tsiku lonse tatsika kufika maola asanu. Mizere iyi ilibe mtengo wa kwacha, koma ndailemba kuti tsiku lowerengera isaiwalike, ndiponso kuti padzapezeke polembedwa kuti ndinavomera ndekha, palibe anandikakamiza.

Makalata a umboni

Sukulu zambiri zimafuna awiri, ndipo imodzi ichokere kwa bwana amene amakuyang'anira. Mtengo wake si ndalama. Ukapempha kalata, bwana wadziwa kuti maso ako ali kwina. Mayi a Tadala anasinkhasinkha milungu ingapo asanagogode. Bwanayo anavomera, n'kuwauzanso zomwe sitinkadziwa, kuti kampani ili ndi thumba la maphunziro lomwe limalipira theka la fizi ngati munthu asaina kuti akhala zaka zitatu akamaliza.

Kalata yonena kuti munthuyu ndi wakhama, waulemu ndi woopa Mulungu sithandiza pa vuto lathu. Yofunika ndi yotchula zinthu: kuti amapanga bajeti ya madepoti asanu, amayang'anira anthu 14, ndi amene anakonza kawerengedwe ka katundu komwe kanachepetsa matumba osowa. Kalata yotero ikuyankha funso la manambala lija kuchokera pakamwa pa munthu wina.

Apongozi anati tipititse nkhuku kwa bwanayo. Tinawapempha kuti nkhukuyo idikire mpaka kalata italembedwa ndi kutumizidwa, kuti ikhale yothokoza. K0.

Kalata yofotokoza chaka chachitatu

Mafomu ambiri ali ndi malo oti munthu afotokoze chilichonse chosaoneka bwino. Mayi a Tadala anakana poyamba. "Matenda a amayi anga si katundu woti ndigulire malo," anatero. Ndinawamvetsa. Ndinangowauza kuti akasiya malowo opanda kanthu, wowerenga adzadzazamo yekha, ndipo chomwe anthu amaganiza akaona malikisi atagwa chaka chimodzi ndi mowa kapena ulesi. Usiku umenewo buku tinatseka msanga.

Analemba okha patapita masiku. Ndi ziganizo zinayi. Chaka chachitatu ndinali kusamalira kholo langa m'chipatala ndipo ndinalemba masapu awiri. Chaka chachinayi malikisi anga anabwerera momwe analili. Kwa zaka 11 ntchito yanga yakhala ya bajeti ndi kuwerengera katundu. Zotsatira zanga zatsopano ndaziphatikiza. Mulibe kupempha chifundo, mulibe kudandaula za aphunzitsi. Chiganizo chachinayicho ndi chomwe chikudikira kuti tichipezere pepala. K0.

Kuno kwathu

MUBAS, yomwe inali Polytechnic mpaka pomwe University of Malawi inagawidwa mu 2021, ili ndi MBA ku Blantyre. ESAMI, yomwe likulu lake lili ku Arusha, imaphunzitsa MBA ya anthu apantchito m'dziko muno. Ziliponso zina, za boma, za mipingo ndi za anthu, ndipo iliyonse tinayamba taiona pa mndandanda wa NCHE, sukuluyo payokha komanso maphunzirowo paokha, chifukwa sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka pomwe kosi ina mkati mwake sinavomerezedwe. Zambiri zimaphunzitsa Loweruka ndi Lamlungu kapena kusonkhanitsa anthu sabata imodzi pakapita nthawi. Ntchito siisiyidwa. K14,160,000 ija imakhala m'nyumba.

Za ku Blantyre zikufuna kuwonjezerapo basi ya makilomita opitirira 300 kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Zalewa, kupita ndi kubwera, ndi kogona. Zolipiritsa m'madola tinaziika pambali.

Kuofesi ya sukulu imodzi ya mu Lilongwe muno mayi a Tadala anapita okha ndi transcript m'manja. Mayi wa pa desiki anaiwerenga mpaka pansi, anabwereranso pa chaka chachitatu, n'kufunsa zaka za ntchito. Anati pa MBA mwachindunji komiti imayamba yaona a Credit, ndipo a Pass amatsalira kumapeto kwa mndandanda. Pa Postgraduate Diploma in Management anati mwayi ndi waukulu, ndipo amene wakhoza bwino dipulomayo amapitirira ku MBA. Mafomu awiri, wa dipuloma ndi wa MBA: K40,000.

Mwayi pa MBA chaka chino: pang'ono. Pa dipuloma: ulipo.

Phindu lake

Udindo wotsatira kuntchito kwawo unalengezedwa ndi mawu akuti wofunsira akhale ndi Masters. Mayi a Tadala ndi amene anaphunzitsa ntchito munthu yemwe anautenga. Kusiyana kwa malipiro kuli cha pa K600,000 pamwezi. Dipuloma K3,800,000, MBA ya zaka ziwiri pambuyo pake cha pa K9,000,000 pa mitengo ya lero, pamodzi K12,800,000. Kampani ikalipira theka, yathu ndi K6,400,000, yomwe ingabwerere m'miyezi 11 atakwezedwa. Akapanda kukwezedwa sibwerera, ndipo adzakhala atamangidwa zaka zitatu pamalo omwewo. Mizere iwiriyi ndawawerengera mokweza yonse, wachiwiriwo kawiri. Anati akuimva, ndipo akufunabe, chifukwa atopa kukonza malipoti omwe amakawerengedwa kubodi ndi munthu wina. Chifukwa chimenechi ndachilandira kuti n'chokwanira.

Ngongole: chiwongoladzanja chomwe Reserve Bank of Malawi inakhazikitsa mu 2024 chinali 26 peresenti, ndipo munthu wamba kubanki amabwereka pa 30 kapena kuposa. K9,000,000 pa 30 peresenti ndi K2,700,000 pachaka, K225,000 pamwezi, chiwongoladzanja chokha, pomwe yotsala yathu ndi K140,000. Ku banki mkhonde ya mayi a Tadala ndi 20 peresenti pamwezi. Ngongole ya sukulu sititenga.

Kuwonkhetsa

Zatuluka m'thumba m'miyezi isanu: transcript K30,000, ulendo K64,000, zidindo K6,000, pasipoti K50,000, SAQA K170,000, buku K45,000, nyali K38,000, bandulo K200,000, mafomu K40,000. Pamodzi K643,000. Zomwe sizinalowe: K300,000. Zonse K943,000.

Kalata yabwera. Pa MBA sanatengedwe. Pa dipuloma atengedwa, makalasi a Loweruka ndi Lamlungu, kuyamba mu Januwale.

Fizi K3,800,000, kampani K1,900,000, ife K1,900,000. Mabuku ndi kusindikiza K200,000. Yathu yonse K2,100,000. Ku ndalama ya poloti tichotsako theka, K1,300,000, ndipo tonse awiri tasaina pambali pa mzerewu. Yotsala K800,000 tiilipira K80,000 pamwezi kwa miyezi 10. Bandulo ipitirira, K40,000. Pa K140,000 patsala K20,000. Makalasi amadzulo ndiyambiranso masiku awiri pasabata, Tadala azikhala nane m'kalasimo akulemba homuweki yake.

Cholinga chomwe mayi a Tadala alemba ndi dzanja lawo: Accounting ndi Quantitative Methods zisatsike pa 70. Zikatero, chaka chamawa tifunsiranso MBA ya kuno ndi transcript ziwiri, tilemberenso sukulu za ku Britain zomwe zinati tibwere ndi GMAT, ndipo dipulomayo ipite ku SAQA kuti tione ngati aiika pa 8. GMAT yoyeserera ipitirira Lamlungu lililonse lachiwiri, tikachoka kutchalitchi.

Poloti yasunthira kutsogolo ndi zaka ziwiri. Mwini malo ku Chitedze ndimuimbira mawa kumuuza kuti asatidikire. Gawo loyamba la fizi, K950,000, likufunika pofika pa 15 Disembala, ndipo risiti ya kubanki ipite kuofesi ya sukulu pamodzi ndi zithunzi ziwiri zapasipoti.